Tsiku Limene Mpweya Unawathera Amalume Zuze

Ndinali msungwana wa zaka khumi pamene oimba jazi a ku Moatize anabwera kwathu ku Zobwe. Bambo anga ankagwira ntchito m'munda wa mphesa wa Mpwitikizi wina amene ankapanga vinyo. Chaka chimenecho mphesa zinabereka kwambiri, moti patarau uja, bwana wa mundawo, analengeza kuti kukhala fesita, chikondwerero cha aliyense, chosalipiritsa, ndipo oimba achokera kumgodi wa malasha wa ku Moatize.

Mmodzi mwa oimbawo anali amalume Zuze, mlongo wa mayi anga. Ankaliza lipenga lokhota lomwe anabwera nalo kuchokera ku Halale. Iwo ndi bambo sankamwerana madzi. Bambo ankatsogolera nyimbo kutchalitchi, ndipo ankati jazi ndi nyimbo za kumowa, zopotoza mitu ya ana. Amalume akamva zimenezi ankangoseka, kusekako n'kumene kunkawapsetsa mtima bambo. Mayi ankavutikira pakati, osadziwa womuikira kumbuyo.

Oimbawo anafika kutatsala tsiku limodzi kuti fesita ichitike, pa lole yomwe tinkaitcha kamiyau, atayera ndi fumbi la mumsewu. Ndinadabwa kuona mmene amalume anaondera. Malasha anali atawalowa m'zikhadabo ndi m'makwinya a pakhosi, ndipo akatsokomola ankagwira pachifuwa. Komabe masana onse anakhala kuseri kwa nyumba yathu akubwereza nyimbo imodzi yomweyo. Bambo anali pakhonde akusema mpini, nkhope ili gwa, osacheukako.

Tsiku la fesita kunatentha kwambiri. Fungo la makoko a mphesa owawasa linali ponseponse, njuchi zikuzungulira migolo. Azungu anakhala pamipando mumthunzi, ife tinakhala pa udzu. Anthu anachokera m'midzi yonse ya m'mapiri, ena atabereka ana. Banjo itayamba kulira pamodzi ndi ng'oma ndi chitoliro, ngakhale amayi achikulire anayamba kugwedeza mapewa. Bambo anangotiperekeza. Anaima patali pansi pa mtengo wa pichesi, akuti akudikira kuti tizipita.

Kenako inafika nyimbo ya amalume. Anaimirira okha kutsogolo, n'kuyamba bwino kwambiri, lipenga likulira ngati munthu amene akudandaula koma akumwetulira. Atafika pakati, mpweya unawathera. Lipenga linangoti tswii ngati kamwanapiye, iwo n'kuwerama ndi chifuwa. Anzawo anasokonezeka, banjo inaima. Anyamata ena anayamba kuseka, ndipo wina anakuwa m'Chinyungwe kuti mdalayo akapume. Mayi anandifinya dzanja mpaka linawawa.

Pamenepo ndinamva mawu kumbuyo kwathu, mawu amene ndinkawamva Lamulungu lililonse. Anali bambo. Ankaimba nyimbo ija kuyambira pomwe lipenga linaisiyira, yopanda mawu, yongotsatira kayendedwe kake, osaphonya pokhota paliponse. Ankayenda pang'onopang'ono kudutsa pakati pa anthu, chipewa chili m'manja. Wabanjo anawatsatira, wang'oma nayenso, ndipo oseka aja anakhala chete. Bambo anakaima pafupi ndi amalume mowatchinga kuti anthu asawaone akulavula. Mpweya utabwerera, amalume anapukuta pakamwa, n'kulowanso m'nyimbomo ndi lipenga chapansipansi, ndipo awiriwo anaimaliza limodzi. Anthu anaomba m'manja nthawi yaitali. Mayi ankalira, osabisa n'komwe.

Sanakumbatirane, sanauzanenso mawu ambiri. Amalume anangoti, "Zikomo, alamu," bambo n'kuvala chipewa chawo.

Pobwerera ndinathamangira bambo n'kuwafunsa ngati tsopano ayamba kuikonda jazi. Anandiyankha akuyenda.

"Sindiikonda, mwana wanga, ndipo mawa ndikawauzanso. Koma amalume ako sangasekedwe pagulu ine ndili chiimire pomwepo."

Mawa lake anakanganadi, mayi akuwaikira mbatata pamphasa imodzi. Amalume anabwerera ku Moatize, koma chifuwa chija sichinawalole kukhalitsa kumgodi. Atadwalika, bambo ndi amene anapita kukawatenga, ndipo amalumewo anamwalirira m'nyumba mwathu.

Ndili mwana ndinkaganiza kuti ukatsutsana ndi munthu, uyenera kukondwa akagwa. Lero ndakalamba, ndipo pali abale anga amene sitinagwirizanepo pa nkhani ya chipembedzo ngakhale ya kaleredwe ka ana. Timatsutsanabe tikakumana. Koma ndikamva kuti wina wa iwo zamuvuta anthu akuona, ndimasiya zimene ndikuchita n'kupita kukaima pambali pake.