Mwana Wamkuwa wa Mayi Hansaben

Etta Mkwapatira ndimakhala naye nyumba imodzi ku Wembley, ndipo ndineneretu kuti ndi munthu wamantha. Amaopa kuphonya basi, amaopa foni ikalira m'mamawa, ndipo Mulungu amamuopa kuposa tonsefe, abusa omwe. Ndi mayi wa Mvano wochokera ku Domasi, ndipo Lamulungu lililonse amadutsa mzinda wonse kukapemphera ku Tottenham. Kunja kuno anabwera kudzasamalira okalamba. Mwana wake Chiye anamusiya akuyamba kumene kuyankhula, m'manja mwa mng'ono wake Lois, poganiza kuti amutenga posachedwa. Mapepala sanathekebe mpaka lero, ndipo Chiye anayamba sukulu.

Kunyumba ya okalamba kumene amagwira ntchito anamupatsa Mayi Hansaben, omwe aliyense amangowatchula kuti Ba. Anamupatsa chifukwa Ba anabadwira ku Limbe, kumene bambo awo anali ndi sitolo ya nsalu, ndipo ukalamba utawalanda Chingerezi anatsala ndi Chigujarati ndi Chichewa. Koma Chichewa chake, abale! Cha kuseri kwa kauntala, cholamula chokhachokha. Etta ankafika kunyumba atatupa ndi mkwiyo.

"Wezzie," ankandiuza, "ndinakwerera ndege kuti ndizidzatchedwa iwe ngati wantchito wa m'sitolo?"

Kukacha ankapita ndithu, n'kukawapesa tsitsi bwinobwino.

Pambali pa bedi la Ba pali kabedi kena, kukula kwake ngati mbale ya sopo. Mmenemo mumagona Lalji, kamwana kamkuwa kokwawa, katagwira kachibulumwa ka batala m'dzanja. Ameneyu ndi Krishna ali khanda, mulungu amene Ahindu amamukonda kwambiri. Kwa Ba si chokongoletsera chipinda ayi. M'mawa amamudzutsa ndi kabelu, kumusambitsa, kumuveka, kukazizira ndi kajuzi komwe, kenako kumuikira mkaka ndi batala wothira shuga. Lalji asanadye, Ba salawa kanthu, ngakhale madzi. Akhala akutero chikwatiwireni.

Etta ankayang'ana kumbali. Popukuta fumbi, kabediko ankakalambalala. Nthano zokha ndiye ankamva, poti Ba akayamba sasiya: mmene mwanayo anabadwira m'ndende mfumu yankhanza ikufuna kumupha, mmene bambo ake anamuwolotsera mtsinje wosefukira ali m'dengu n'kukamusiya kwa mayi wina dzina lake Yashoda, kumudzi wa oweta ng'ombe, ndi mmene ankabera batala m'miphika ya eni n'kumakana milomo ikunyezimira mafuta. Pamenepo Etta ankaseka, kenako n'kudzimvera chisoni kuti waseka.

Ndiye kunabwera sitiroko. Sinali yaikulu, koma Ba atatuluka m'chipatala dzanja lamanja linkangonjenjemera, osagwira ngakhale supuni, pomwe lamanzere linapindika kale ndi nyamakazi. Mwana wawo wamkazi anali kumaliro ku India. Lalji sanasambe, sanadye, ndipo Ba anatseka pakamwa.

Phala linabwerera kukhitchini. Tiyi anazizira. Kunacha, zomwezo, milomo itayamba kung'ambika. Nicole, manijala wa pamalopo, anayesa kuthandiza, koma analowa ndi nsapato n'kumunyamula Lalji pamutu ngati akutsegula botolo, ndipo Ba anakuwa mpaka kumveka pakhonde. Anaitana mtsikana wachihindu wa kukhitchini, Ba anamukananso. Ankangoloza Etta.

"Iwe. Uli ndi mwana iwe. Kagwiridwe kake ukukadziwa."

Nicole anauza Etta kuti ikafika nthawi ya nkhomaliro Ba asanamwe kanthu, aitana ambulansi. Etta ankadziwa zimene Ba ananena tsiku lotuluka, kuti akadzabwereranso kuchipatala ndiye kuti akukafera komweko. Anandiimbira foni atabisala m'chimbudzi.

"Wezzie, ndatha ine. Akufuna ndisambitse fano."

"Ndi care plan basi, iwe, ndondomeko yosamalira wodwala," ndinatero. Ine zinthu sindiziika pamtima.

"Care plan pamaso pa Mulungu? Lamulo lachiwiri unaliiwala? Koma akafa ndi njala pa shift yanga ndikayankha chani? Uku tchimo, ukunso tchimo."

Ndinkafuna kumukalipira kuti asiye mantha akewo, koma ndinamumvera chisoni.

Zimene anachita anandiuza madzulo ake. Kuntchito kwawo amawaphunzitsa kuti wokalamba akafooka dzanja usamamulande supuni, uziika dzanja lako pansi pa lake kuti azichitabe yekha. Etta anavula nsapato pakhomo, nasamba m'manja mpaka m'zigongono. Kugwada anakana, anakoka mpando.

"Ba, ine sindimukhudza," anatero. "Dzanja ndi lanu. Ine ndingolichirikiza."

Kabelu kanalira mokhotakhota. Madzi anatayikira pabulangete. Ba, amene anali atagona ngati wakufa, anapeza mphamvu zokalipa.

"Madzi ozizira awa! Ukufuna adwale?"

Etta anakatenga ofunda. Anamusambitsa, manja awiri pa kansalu kamodzi, namuveka kajuzi. Mtima wa Etta unkagunda kwambiri, ndiye pofuna kuuiwalitsa anafunsa chinthu chimene chinkamuvuta kuyambira kale.

"Nanga mayi ake a Lalji omubereka aja, anadzamuonanso?"

"Devaki? Anamuona atakula kale," anatero Ba. "Analira mayi uja. Akuti ine sindinakuone ukukwawa, batala unaba kwa ena, wokukalipira anali wina. Ndiye Krishna anasanduka khanda, n'kusewera pamaso pake. Mkazi wa Krishna ataona anauza wosema kuti aseme khandalo. Amati chosemacho chili m'kachisi wina kum'mwera kwa India mpaka lero. Ukuganiza timamusunga wamng'ono chifukwa chani?"

Etta anakumbukira Chiye. Sabata yomweyo Lois anali atamutumizira kavidiyo ka Chiye akuwerenga zilembo, n'kutembenukira Lois yemweyo kuti, "Amama, ndakhoza?"

Anafikitsa batala pakamwa pa Lalji. Wina anapakika patsaya, ndipo Etta anayamba kupukuta ndi chala chachikulu, kuchokera pambali pa mlomo, monga mmene mayi aliyense amachitira. Atamaliza m'pamene anaona kuti dzanja la Ba linali litatsetsereka kale, lili phee pabulangete. Ankapukuta yekha.

Anatembenuka, naona Nicole ataima pakhomo, foni yoitanira ambulansi ili m'manja.

"Wadya?" anafunsa Ba.

Etta anayankha kuti, "Wadya, Ba."

Ba anatsegula pakamwa. Anamwa madzi, anadya phala theka la mbale, nadandaula kuti mulibe shuga. Nicole anabweza foni m'thumba.

Musaganize kuti mantha a Etta anatha. Amapempherabe chikhululukiro m'basi popita ndi pobwera, ndipo kwa amayi a Mvano sananenepo kanthu. Mwana wa Ba anabwerako ku India, koma Ba amafunabe dzanja la Etta pansi pa lawo. Chimene chinasintha ndimachiona ine m'khitchini mwathu. M'mawa Etta amathira tiyi, amapaka buledi, koma sakhudza. Amaimbira kaye Lois, tiyi akuzizira, ndipo moni asanathe amafunsa kuti, "Chiye wadya?"