Lole Imabwera Mawa

Tahani anakulira ku Damanhour, m'nyumba imene kunsi kwa bedi kunalibe malo oika nsapato. Kunadzaza shuga, mpunga, mafuta ophikira ndi sopo. Mayi ake ankati chinthu ukachiona m'sitolo lero, usaganize kuti mawa chikudikira. Tahani ankachita nazo manyazi zimenezi, ndipo mwina n'chifukwa chake anaphunzira za kayendetsedwe ka katundu, kuchokera kufakitale mpaka kwa wogula, n'kukhala mphunzitsi payunivesite ina ya anthu amalonda ku Alexandria.

Ntchito yake inali ya kontirakiti, yoti chaka chikamatha uzidikira ngati akusainiranso. Imvi zinamumera akudikira chomwecho. Anzake amene anayamba nawo anapatsidwa maofesi a makatani, iye ankachongera mayeso patebulo la pakhonde, pafupi ndi ketulo ya tiyi.

Chaka china yunivesite inagula masewero a pa intaneti. Wophunzira aliyense ankapatsidwa kampani yongoyerekeza: aitanitse katundu, lole ibwere, anthu agule. Katundu akatha, mapointi ankatsika. Ukasunga wambiri, ankatsika koposa. Mkulu wa dipatimenti, Dokotala Safwat, anamuitana.

"Mayi Tahani, kukubwera mpikisano wa mayunivesite pa masewerowa. Ana anu akachita bwino, kontirakiti yanu tiiyang'ana ndi diso labwino. Akapanda kutero, basi, Mulungu ndi wamkulu."

Sabata yoyamba kalasi yonse inagwa chagada. Lole ya pakompyuta ikangochedwa pang'ono, aliyense ankaitanitsa katundu wodzaza mudzi, mapointi n'kuthera pomwepo. Tahani anayang'ana zimene anawo anachita, n'kuona kunsi kwa bedi la mayi ake.

"Aphunzitsi," anatero Ziad, mnyamata wolongolola wa kumbuyo, "amene anapanga zimenezi anaimako pamzere wa shuga? Ramadani ili pakhomo, inu mukuti ndisunge timakatoni tiwiri?"

"M'masewerowa mulibe Ramadani."

"Aa, ndiye ndi dziko lanji limenelo? Amayi anga atamva kuti ndasiya mashelefu ali mbee, silipasi ikhoza kundithera pamsana!"

Kalasi inafa nacho chiseko, koma Tahani sanaseke. Ankadziwa kuti Ziad sakunama, ndipo ankadziwanso kuti ntchito yake yagona pa kumuchotsa nzeru imeneyo m'mutu.

Anayamba kukhala nawo mmodzimmodzi. Dzanja la mwana likamapita kukawonjezera katundu, iye ankaligwira. "Ugwire mtima. Lole imabwera mawa." Anabwereza mawuwa mpaka kusasa mawu, ana n'kumupatsa dzina loti Mayi Lole. Kuti asamaphunzitse zimene iye sakhulupirira, anagawira anansi shuga ndi mafuta amene ankasunga kwawo, n'kuyamba kugula za tsiku limodzi basi. Pang'ono ndi pang'ono ana aja analeka kuthamangira kuwonjezera katundu. Ngakhale Ziad anaphunzira kuyang'ana shelefu yopanda kanthu osatuluka thukuta.

Mpikisano uja ana a Tahani anapambana. Chithunzi cha Dokotala Safwat atanyamula chikho anachipachika pachipata. Kenako Dokotalayo anamuitana Tahani, n'kumuthirira tiyi ndi manja ake, chinthu chimene anali asanachitepo.

"Mwaonatu, mayi, makinawa amaphunzitsa okha! Mwana angolowa, asewere, wadziwa. Chaka chamawa phunziroli likhala la pa intaneti lokha. Inu musadandaule, munthu ngati inu sasowa kolowera."

Tahani anafuna kufunsa ngati makinawo anagwirapo dzanja la Ziad. Walira mvula walira matope: ndi iye mwini amene anawathandiza kukhulupirira kuti iye alibe ntchito. Mtima unamuwawa kwambiri, koma tiyi anamaliza, n'kuthokoza, chifukwa analeredwa choncho.

Potsika basi analowa m'golosale ya a Girgis, nkhalamba ya pakona.

"Amalume, shuga yense ali pashelefuyo mundiikire. Mafuta ndi mpunganso."

"Kuli ukwati kodi, mwana wanga? Si iwe umandinyoza kuti ndimasunga zambiri? Tenga wokwanira lero, lole ibweratu mawa."

"Ingoikani m'katoni, amalume."

Atafika kunyumba anakwera nazo masitepe yekha, akupumira m'mwamba. Atalowa kuchipinda anagwada pansi, n'kuyamba kutulutsa nsapato kunsi kwa bedi.