Dzanja la a Ngowe

Dzina lawo lenileni lili pachiphaso pokha. Kugombe onse amangoti a Ngowe, chifukwa mkono wawo ukalowa m'madzi subwerako wopanda munthu. Akhala zaka makumi awiri ndi zisanu pampando wautali wa opulumutsa anthu, wenzulo ili m'khosi, khungu litathetheka ndi mchere. Avuula zidakwa, avuula ana asukulu, anavuulapo ngakhale mkwati amene ankadzionetsera kwa mkazi wake. Chilema chawo n'chimodzi, phuma. Munthu akangotsokomola m'madzi, iwo afika kale, amukola m'khwapa. Ena amathokoza, ena amakalipa kuti, "Ndimangosewera ine, bambo."

Mzime wawo, mtsikana amene pano amagulitsa mankhwala mufamase, anamuphunzitsa okha kusambira ali ndi zaka zisanu. Ankamugoneka pamadzi chafufumimba, chikhato chawo chili pamimba pake, n'kumati, "Ndakugwira, menya miyendo." Mwezi wathunthu dzanja osalichotsa. Mkazi wawo ndiye anawadzudzula: "Mwanayu adzakalamba akuyandama pachikhato chanu." Tsiku lina analichotsa mwakachetechete, pakamwa pakunenabe kuti ndakugwira, ndipo mwana anapita yekha mpaka pamwala. Bodza limeneli ndi lokhalo limene a Ngowe amalinyadira.

Chaka chino masewera a pagombe a mayiko ambiri anachitikira komweko, ndipo panali mpikisano wosambira makilomita asanu panyanja, kuzungulira katatu zibaluni zofiira zoyandama. Mtsikanayo anapezamo malo atavutikira zaka zitatu, kusambira m'mamawa uliwonse asanakatsegule famase. A Ngowe anapatsidwa kabwato koperekeza osambira.

Mkulu wa oweruza anasonkhanitsa opulumutsa onse. "Wosambira akakweza dzanja, mutengeni. Akapanda kukweza, musamukhudze. Mukangomukhudza, mpikisano wake wathera pomwepo."

Anzawo anatembenukira a Ngowe n'kuseka. "Awa tiyambe tawamanga manja."

Mwana wawo sanaseke nawo. Anabwera atalembedwa kale nambala pamapewa, nati, "Ababa, kupambana sindipambana, ndikudziwa. Ndikungofuna ndikamenye ndekha chithabwa cha pomaliza chija. Mukandigwira ndisanakweze dzanja, zaka zitatu zija mwazitaya ndinu."

Ulendo woyamba ndi wachiwiri zinayenda bwino. Pa wachitatu mphepo inatembenuka, mafunde anayamba kuwomba osambira kumaso. Akatswiri a mayiko a kunja anali atapita kalekale. Mtsikanayo anatsalira m'mbuyo, ndipo pa chibaluni chomaliza funde linamumwetsa madzi. Anaima chilili m'madzimo, akutsokomola, magalasi osambirira atapendekera ku khutu.

A Ngowe sanadziwe kuti afika bwanji pafupi. Anangoona dzanja lawo lasiya kale nkhafi, lili m'malere. Mantha anawagwira, mantha enieni a kholo. Koma maso a ntchito anaonabe: milomo sinasinthe mtundu, miyendo ikupalasa, manja onse awiri ali m'madzi. Sanakweze. Ndiye bambo wamkulu uja anatenga dzanja lake lomwe n'kulikhalira, ngati mwana woletsedwa kutola chakudya cha alendo.

Mtsikanayo anawayang'ana. Nkhope inali yomwe ija ya zaka zisanu.

"Ndakugwira," anatero a Ngowe, bwato lili patali mikono iwiri. "Menya miyendo."

Mtsikanayo analavula madzi, anakonza magalasi, n'kugonanso pamadzi.

Anafika wachiwiri kuchokera kumapeto, anthu ambiri atatembenukira kale ku mpira wamanja. Chithabwa anachimenya mwamphamvu moti woweruza wina anadzidzimuka.

A Ngowe anakocheza kabwato pamchenga, koma kutsika kunawakanika. Dzanja lija linali litachita dzanzi. Anzawo anayamba kale chipongwe: "Lero ngowe yabwera yopanda kanthu." Iwo misozi inali pafupi.

Mwana wawo anabwera atafunda thaulo, akuyenda mopepesuka. Anawayang'ana kanthawi, kenako anatambasula mkono.

"Bweretsani dzanjalo, ababa. Ndakugwirani."

Anthu onse akuona, a Ngowe anatsika m'bwato mochita kukokedwa.