A Sipanala ndi Mafuta a Mabuleki

Pa galaja ya kuseri kwa msika panalibe makaniko woposa a Sipanala, ndipo wotsutsa zimenezi ndi wabodza basi. Vuto la injini ankalimva ndi khutu galimoto isanaime n'komwe. Zaka makumi atatu ali chagada pansi pa magalimoto a eni, ana anayi n'kuphunzira ndi manja akuda omwewo. Koma chipatala ankadana nacho koopsa. Akadzicheka ndi chitsulo ankangothira mafuta a mabuleki pabalapo, kukukuta mano, ntchito n'kupitirira. Pagalajapo aliyense ankatero.

Shuga atawagwira, khungu la kumaliseche linayamba kuthina ndi kung'ambika. Kukodza kunasanduka nkhondo. Akazi awo anawakokera kuchipatala, dokotala n'kunena mosapsatira kuti khungulo silikubwereranso m'mbuyo, litsiro likuunjikana mkati, ndipo mabala sakupola chifukwa cha shuga. Mankhwala ake unali mdulidwe, kenako milungu ingapo osanyamula zolemera.

Kulakwa kwawo kunali kuuza mnzawo wowotcherera zitsulo.

"Achimwene, imvi zonsezi akakusendeni ngati waya wa batire?" anakuwa mnzawoyo. "Bwerani kuno, makina odulira ndili nawo, ndikuchitirani ulere."

Galaja yonse inafa nalo phwete. A Sipanala anaseka nawo, koma kapepala kamene anawapatsa kuchipatala anapukutira girisi. Masana omwewo anatenga kabotolo ka mafuta a mabuleki n'kulowa nako m'chimbudzi chija chitseko chake umachita kuchitsamiza ndi phazi. Anatuluka maso ali psuu, thukuta lili kamukamu.

Zaka ziwiri zathunthu, anthuni. Bala likapsa n'kuuma pamwamba, iwo ati lapola, kumachita kunyadira. Mkatimo munkamera chotupa cholimba. Kuchipinda anasamukako, n'kumagona pampando wa pabalaza, ati msana. Linawaulula ndi fungo.

"Bambo a ana, zovala zanu ndimachapa ndine," anatero akazi awo tsiku lina m'mawa, atatseka khomo ndi thupi lawo. "Magazi awa si a msana. Mukakana lero ndikuitanira akulu anu adzakunyamuleni ngati thumba."

Kuchipatala, dokotala yemwe uja anawayang'ana, kenako anadulako kachidutswa kokapima. Patatha milungu itatu anawaitana onse awiri. A Sipanala sanadikire kufunsidwa.

"Ndagonja, adokotala. Dulani khungulo, tithane nazo."

"Bambo, za khungu zinali za chaka chija. Iyi ndi khansa. Kuti mukhale ndi moyo tiyenera kuchotsa mbali yaikulu ya chiwalocho."

"Nanga chitsale n'chiyani?"

"Pokodzera patsala. Mwina muzikodza mutakhala pansi."

Munthu woti galaja yonse inkamva mawu ake mpaka kumsewu anangoyang'ana akazi awo. Mayiwo sanalire. Anatola cholembera patebulo n'kuwafumbatitsa.

"Sainani, bambo. Ine ndikufuna inuyo wamoyo."

Anasaina, dzina lili khotikhoti, ndipo namwino anawalembera opaleshoni Lachiwiri.