Makompyuta Atatu a Mkamwini

"Mkamwini sabwera kudzaunjika zinyalala, alamu! Malo ano ndi a mbumba yanga!"

Anakuwa choncho mchimwene wa mkazi wanga, ataima pakhomo la chipinda chomwe ndinkasungamo makompyuta anga atatu. Pabwalo panali matumba a soya, ndipo soya sagona panja, akuba ali maso. Ankafuna chipindacho.

Kwathu n'ku Mitundu, koma ndinakwatira ku Nathenje ndipo ndimakhala kwa mkazi. Njerwa ndinaumba ndekha, malata ndinagula ndekha, koma dothi si langa. Alamu saiwala kundikumbutsa.

Kompyuta yoyamba ndinaipulumutsa ku esiteti ya fodya komwe ndinali kalaliki, mabwana atabweretsa zatsopano n'kunena kuti zakale zipite kudzala. Inali ndi gemu ya kamunthu kokwera makwerero, kakuthawa zilombo. Ziwiri zinazo ndinazipeza kwa ogula zitsulo. N'zakufa, inde, koma ndimachotsamo ziwalo zochiritsira yamoyoyo. Ukaiyatsa imayamba yang'ung'udza ngati ng'ombe yokhuta, kenaka kamunthu kaja n'kutulukira.

"Zinyalala ndi ziti?" ndinatero. "Munayamba mwaigwirapo inu? Simungasiyanitse kompyuta ndi wailesi!"

Mkazi wanga anati, "Bambo a m'nyumba, tsitsani mawu, anthu akumva."

"Amve!"

Mwana wathu wamkazi, amene amaphunzitsa ku pulayimale, ndiye anayesa kuzimitsa moto. Anatulutsa foni. Anati masiku ano pali pulogalamu yomwe imachititsa foni kudziyesa kompyuta yakale, ndipo gemu yangayo anali ataipeza kale. Ndinayang'ana. Kamunthu komweko, makwerero omwewo, ngakhale kanyimbo kake.

"Mwaona, ababa? Zonse zija zakwana m'thumba."

Alamu anaseka mpaka kuwomba m'manja. "Basi, nkhani yatha! Tulutsani mitemboyo."

Ndinalanda foniyo. Galasi loterera, lopanda batani loti chala chimve. Pa kiyibodi yanga batani lodumphira linafufutika ndi chala changa chomwechi. Apa kamunthu kanagwa kawiri ndisanachite kanthu. Nditangoyamba kuzolowera, gemu inaima, n'kubwera mawu a Chingerezi: kuti ndipitirire, ndigule chilolezo kwa eni ake.

Eni ake! Anali kuti eni akewo pomwe ndinkaitola padzala? Anali kuti pomwe ndinkapukuta madisiki chinyezi cha dzinja? Kunyumba ndipemphe kwa alamu, pa foni ndipemphe kwa munthu wa kutsidya kwa nyanja yemwe sindinamuonepo. Ndinaponya foniyo pampando, mwana n'kuyamba kundikalipira nayenso.

Soya analowa m'chipindamo madzulo omwewo. Makompyuta anagona pabalaza, mkazi wanga atawafunditsa chitenje.

M'mawa mwake ndinabwereka ngolo ya abulu, ndinayala udzu, n'kuwakweza onse atatu. Ulendo wa ku Mitundu, kwa mlongo wanga, komwe mwini mbumba ndine. Kumeneko kulibe magetsi, ndinkadziwa. Mwamuna wa mlongo wanga, mkamwini wofatsa wa ku Diamphwe, anatuluka akupukuta m'manja.

"Alamu, katunduyu ngwachiyani?"

"Tsegulani chipinda chakumapetocho," ndinatero.

"Muli mtedza, alamu."

"Mtedzawo tulutsani."

Anandiyang'ana, anayang'ana mkazi wake, kenaka anapita kukatenga kiyi.