Amayi Anagona m'Galimoto

Loweruka, kumapeto kwa Julayi.

Ndadzuka mtima ukuwawa. Chandidzutsa ndi chifuwa cha amayi kuseri kwa katani, chija chimayamba kukamacha n'kumawagwedeza mpaka bedi kulira. Ndagona chagada n'kumamvetsera, mkwiyo wa dzulo n'kubwereranso wonse.

Dzulo madzulo achemwali anga anabwera ndi amuna awo kudzatiuza kuti sukulu zikatsekera tipitanso tonse kukagona kutchire. Akuti chaka chino ndi kudamu, m'mphepete mwenimweni mwa madzi.

Achemwali anakwatiwa ndi Mshona wogwira ntchito m'tauni, ndipo anamanga nyumba ku Manyame Park. Awiriwa sakhala pansi. Mvula ikatha mu Epulo amapita kokawedza. Mu Ogasiti amakwera mapiri. Pa Khirisimasi amanyamula mbaula ndi nyama n'kukatandala ndi ana awo awiri pansi pa mitengo. Kuno ku St Mary's anthu amawasirira, ndipo kutchalitchi akamalangiza achinyamata za banja amatchula iwowa. Inenso ndinkawasirira. Mathithi ndinayamba kuwaona chifukwa cha iwo, ndipo ndinkadziuza kuti ndikadzakhoza mayeso n'kupeza ntchito, ndidzakhala ngati iwo.

Amayi anabadwira pafamu m'dziko lino, makolo awo anachokera ku Dedza, ndipo mwambo wa chipongozi anaugwira ndi manja awiri. Sadya pamodzi ndi mkamwini wawo, samuyang'ana kumaso, salankhula naye mwachindunji. Kwawo kwa alamu mwambowu ulikonso, moti akafika kwathu amakhala pakampando panja pa khomo, n'kuwomba m'manja ali pomwepo. Mawu onse amadzera mwa ine. Amayi amati, "Uwauze alamu ako kuti tawaona," chonsecho munthuyo ali pomwepo akumva yekha. Ndili wamng'ono zinkandiseketsa.

Chaka chatha achemwali ndi alamu anati tikakondwerere tsiku lobadwa la amayi kumapiri a ku Nyanga. Amayi anasiya tebulo lawo la tomato kumsika m'manja mwa mnzawo, anachapa duku lawo la kutchalitchi, ndipo njira yonse anakhala kumbuyo atapendekera kuwindo kuti maso awo asakumane ndi a alamu pagalasi.

Titafika, alamu anatulutsa tenti yatsopano, yaikulu, ya zipinda ziwiri. Anaikhoma akuimba mluzu. Atamaliza anandiitana monga amandiitanira m'Chishona, dzina la mng'ono wa mkazi wawo.

"Mainini, bwera udzaone hotela. Uku ife, uku ambuya ndi iwe ndi ana." Ambuya ndi mmene amatchulira amayi, apongozi awo.

Amayi anadikira kuti alamu apite kokatunga madzi, kenako anasuzumira m'katimo. Chogawa zipindazo chinali kansalu kopyapyala ka zipi, koti munthu akatembenuka mbali inayo umamumva mpweya. Anakagwira ndi zala ziwiri n'kundinong'oneza kuti nsalu si khoma. Anati ndikawauze kuti msana wawo sufuna kugona pansi, akagona m'galimoto. Ndinawatsutsa, ndinati kuno kumazizira kuposa kwathu, koma anandiyang'ana ndi diso lija losafuna kubwereza mawu.

Nditanena, alamu anayang'ana pansi kanthawi. Ndikhulupirira kuti anamva chimene chinali kuseri kwa mawuwo, chifukwa ndi mwambo wa kwawo womwe. Anangoti ndiwauze ambuya kuti achite monga akufunira. Achemwali anaseka n'kunena m'Chishona kuti amayi amakonda zachikale, tiwasiye. Panalibe amene ananena kuti mwina wogona m'galimoto akhale mwamunayo. Ine ndinafuna kukagona ndi amayi, koma anandibweza kuti kamwana kakang'ono kamadzukadzuka, ndikhale nako kuti achemwali apume.

M'mawa udzu unali mbuu ngati authira mchere. Magalasi a galimoto anali atayera, osaoneka m'kati. Nditatsegula chitseko ndinapeza amayi atadzipinda pampando wakumbuyo, atafunda bulangete limodzi ndi chitenje, milomo itatuwa. Zala zawo zinakanika kumanga duku, ndinachita kuwamangira ine. Komabe anatsika, anakoleza moto, anatenthetsa madzi osamba a aliyense ndi a tiyi. Alamu ndi achemwali anatuluka dzuwa litakwera, akudziwongola, akuyamikira kuti mpweya wa kumapiri umagonetsa bwino. Usiku wotsatira zinali chimodzimodzi.

Tsiku la keke anawaveka amayi chisoti cha pepala chonyezimira pamwamba pa duku. Tinaimba, ana anavina, alamu anaotcha nyama yambiri. Amayi anatenga mbale yawo n'kukadyera kuseri kwa galimoto, atadya anatsuka mbale za tonse kumtsinje, madzi ake ozizira olasa m'mafupa. Chithunzi chimene achemwali anaika pafoni kuti anthu aone chinali cha chisoti chija, ndi mawu akuti akusangalatsa mfumukazi yawo. Lamlungu lotsatira azimayi a kutchalitchi ankawagwira amayi dzanja n'kumati, "Inu ndiye munabereka." Amayi ankamwetulira akutsokomolera m'chitenje.

Chifuwacho chinawagoneka mpaka mvula yoyamba. Ndinkachoka kusukulu n'kuthamangira kukiliniki kukawaimira pamzere, ndikuwerenga zolemba zanga za sayansi choimirira. Pamene anadzuka, malo awo kumsika anali atalowa wina, ndipo tsopano amagulitsira pageti la kunyumba, pomwe pamadutsa anthu ochepa. Achemwali anatumiza mankhwala ndi malalanje, n'kunena kuti vuto ndi fumbi la ku St Mary's. Kuyambira pamenepo kukangozizira pang'ono chifuwa chimabwerera.

Ndiye dzulo, alamu ali pakampando kawo pakhomo, amayi ali m'nyumba, ine pakati, ndinafunsa kuti matenti alipo angati.

"Iwe wakhala wapolisi liti?" anatero achemwali. "Ndi yomwe ija. Inatikwana tonse."

"Sinatikwane tonse," ndinatero.

Alamu anaseka. "Mainini akufuna yakeyake kuti azilandiriramo anyamata. Dikira umalize Folomu 4, ndidzakugulira ya khonde."

Amayi ananditsina pantchafu, n'kuti ndiwauze alamu kuti yankho tidzatumiza. Galimoto itapita ndinalankhula zonse zimene ndinasunga chaka chathunthu. Ndinati kudamu kumazizira kuposa kumapiri chifukwa cha nkhungu ya pamadzi. Ndinati akapita akabwerako pamachira. Ndinawafunsa kuti mwambo wake ndi wotani woti munthu wamkulu azizidwe kuti mnyamata agone pamatiresi. Amayi anapitiriza kusankha tomato wofewa n'kumamuika padera. Atatha anapukuta manja.

"Abale ake a mwamuna uja amati ife ndife anthu opanda kwathu, opanda mwambo," anatero. "Paukwati unawamva wekha. Ndikalowa mu tenti muja, ndiye kuti ananena zoona. Ndikakana ulendo, ati ndife osayamika. Zonsezo zikagwera mchemwali wako, osati ine. Lamlungu ukatuluka m'tchalitchi upite ukawauze kuti tathokoza, tipita."

Apa m'pamene pakundiwawa kwambiri. Amayi akuzizidwa kuti ateteze mwana wawo, ndipo mwanayo akuona ngati ndi nthabwala ya anthu achikale. Achemwali anakulira m'chipinda chino monga ine. Chichewa amachimva chonse ngakhale amayankha m'Chishona. Akudziwa chimene kansalu kaja kakutanthauza kwa amayi. Anangosankha kusadziwa, chifukwa kudziwa kukanasokoneza chithunzi.

Za alamu ndaganiza tsiku lonse ndikuchapa yunifolomu. Sindikuganiza kuti ndi munthu woipa. Amayi atadwala anabwera kangapo, n'kukhala panja padzuwa nthawi yaitali osadandaula. Koma ulemu wawo ndi wosavuta: kuwomba m'manja, kuyang'ana pansi, kenako kukagona pofunda. Palibe amene anawauzapo m'mawu oti sangawazembe. Amayi sangathe, mwambo sulola. Achemwali safuna. Watsala ndine, ndipo mwambo womwewo umati mlamu ndi womasuka kwa mlamu wake. Ndingathe kuwalanda nyama m'mbale, kuwatcha aulesi pagulu, iwo osakwiya. Mpaka lero ufulu umenewu akhala akuugwiritsa ntchito ndi iwo okha, pondiseka za anyamata.

Mawa ndikatuluka m'tchalitchi ndikwera kombi ya ku Manyame Park. Mawu a amayi ndikawanena onse monga andipatsira, osachotsapo ngakhale limodzi, chifukwa si anga. Ndikatha ndikawauza kuti tsopano akulankhula ndi mainini. Ndikawafotokozera mmene ndinawapezera amayi m'mawa muja, milomo ndi zala zomwe, achemwali ali pomwepo akumva. Kenako ndikawafunsa alamu kuti asankhe okha: apeze tenti yachiwiri, kapena chaka chino m'galimoto mugone iwo. Akaseka ndikadikira amalize kuseka, ndipo sindikanyamuka pampando mpaka atandiyankha.