Nkhukundembo Yanga ndi Thumba la Mchere

Nkhukundembo ndi mbalame yosasunga pakamwa. Munthu akatsokomola imayankha, nthambi ikathyoka imayankhanso. Pa nthawi ya nkhondo, titathawa m'mudzi mwathu kufupi ndi Ntengo-Wambalame n'kukamanga misasa kuphiri, khalidwe limeneli likanatiphetsa tonse. Anthu anandipirira ndithu, kenako anandiuza mosapita m'mbali kuti tambala wanga wa nkhukundembo achoke, apo ayi ndichoke naye limodzi.

Sindinalimbe nawo, chifukwa nanenso ndinali naye cholinga. Unali mwezi wa Juni, ndipo kuzizira kwa ku Tsangano amakudziwa bwino ndi amene anagonapo panja. Mwana wanga wamkazi anali atangoyamba kuyenda, chifuwa chake chikulira ngati kamphaka. Gombeza lathu linapsera m'nyumba. Ine ndinkafuna gombeza basi.

Kumalire, m'mbali mwa msewu wa ku Malawi, kunkabwera bambo wina wogula nkhukundembo zokagulitsa m'mahotela a kutauni. Ndalama zathu ankazikana, za kwawo zinalibe ntchito kuphiri kwathu, choncho tinkasinthana ndi katundu. Mlamu wanga amene anathawira tsidya linalo anali atanditsina khutu kuti kutauniko tambala mmodzi amakwana magombeza angapo. Nditamva zimenezi magazi anawira, poti anzathu ankabwerako ndi kamchere kokha.

Tinanyamuka amayi anayi, aliyense ndi mbalame yake, mitu titaziphimba ndi sanza kuti zisalire. Wamkulu pakati pathu anali azamba, omwe anandithandiza pobereka mwana amene ndinali nditam'bereka kumsanayo. Njira inkadutsa padambo pomwe anthu a mfuti ankakonda kudzatunga madzi dzuwa likapendeka. Anali a mbali iti, ife sitinkafunsa. Chofunika chinali kudutsanso pamenepo iwo asanafike.

Tisanatulukire pamsewu ndinawaimitsa anzanga.

"Tamvani," ndinatero, "munthuyu amatidyera chifukwa aliyense amalankhula payekha. Lero mawu akhale amodzi. Tambala ndi gombeza, thadzi ndi nsalu. Wina asatsike."

Onse anavomera. Azamba anangondiyang'ana, nati, "Pakamwa pako mpabwino, mwanawe. Tikaone kumeneko."

Bambo uja tinam'peza atakhalira thumba la mchere lomwe linali litatsika kale, pambali pake pali madengu a nkhukundembo zina. Anatilonjera mwaulemu wonse, ndipo ulemu wakewo ndi umene unkandinyansa kwambiri. Anagwira tambala wanga pachidali, n'kupukusa mutu ngati wamva za maliro.

"Yaonda iyi, mayi. Mbale ziwiri za mchere."

"Yaonda ikudya kwanu?" ndinamuyankha. "Kutauni mumakaigulitsa bwanji? Tiuzeni, ifenso tili ndi makutu."

Sanakwiye. Anati galimoto amalipira, apamsewu amawapatsa kangachepe, zina zimafera m'njira. Mwina zina mwa izo zinali zoona, koma gombeza silinatuluke. Anatenga nzimbe n'kuyamba kusenda pang'onopang'ono. Ankadziwa chimene ife tinkadziwa, kuti mbalamezo sitingabwerere nazo kuphiri, ndiponso kuti dzuwa likugwira ntchito yake.

Tinakhala pansi, misana titamulozetsa. Mthunzi wa mtengo unachoka pa ife n'kuyamba kuwoloka msewu. Wamng'ono pa tonsefe, mtsikana amene anali atangokwatiwa kumene, ankangoyang'ana kumapiri, milomo ikuyenda. Ndinkachita mantha, koma ndinauma khosi, ndipo akandiyang'ana ndinkam'pukusira mutu.

Ndiye mwana wanga anayamba kutsokomola. Chinali chifuwa chija chosafuna kutha, mpaka kamutu kake kankandigunda pamsana. Bamboyo anasiya nzimbe, n'kumvetsera ngati sing'anga.

"Gombeza ndilibe, mayi, ndisakunamizeni," anatero mokweza kuti onse amve. "Koma thumba ndakhalirali ndi chiguduli chokhuthala, mphepo silowa. Mchere ukatha, thumbali ndi lanu."

Tonse tinaliyang'ana thumbalo. Mchere wotsalamo unali wongokwana mbalame zathu zinayi pa mtengo wake uja. Kuti ine ndipeze chofunditsa mwana, anzanga onse anayenera kugulitsa motchipa, ndipo amene ndinawaletsa kutero ndinali ine ndemwe. Sindinaonepo nkhanza yochitidwa mofatsa chonchija. Ndinafuna kum'tukwana, koma pakamwa panga paja panauma. Sindikanatha kunena kuti gulitsani, sindikanathanso kunena kuti tiyeni tizipita.

Mayi wachinayi, yemwe ankafuna nsalu chifukwa imene anavala inali itang'ambika moti ankachita kuigwirira, anayang'ana pansi. Patali kumapiri kunamveka kuphulika kumodzi, nkhukundembo za m'madengu zonse n'kuyankha.

Azamba anadzuka, namasula mwendo wa thadzi lawo pachingwe, n'kuliika pamapazi a bamboyo.

"Yezani mchere," anatero. "Mudzaze bwino, ndikuona."

Mtsikana uja anatsatira. Mayi wa nsalu yong'ambika anachedwa pang'ono, kenako nayenso anapereka yake, misozi ikutsika. Ine ndinali womaliza. Bamboyo anakung'untha thumbalo, nalipinda bwinobwino n'kundipatsa ndi manja awiri, ngati mphatso. Mpaka lero ndikakumbukira manja awiri amenewo mtima umandiwawa.

Padambo tinadutsa chothamanga, titawerama. M'matope munali mapazi a nsapato, madzi asanadikhe n'komwe. Sitinapume mpaka titalowa m'mitengo ya kuphiri. Pamenepo ndinamasula kamtolo kanga ka mchere, ndinati augawane atatuwo, popeza ine ndapata thumba.

Mayi wa nsalu yong'ambika uja anandikankhira dzanja langa, osandiyang'ana kumaso.

"Mangani mchere wanuwo," anatero. "Ife tagula thumba limenelo ndi nkhukundembo zitatu. Mwanayo achire, mwamva? Asayerekeze kutitayitsa."